Kusaka Nyimbo za Kunyanja M'misewu ya Lilongwe

Nsomba zimafika mu Lilongwe kusanache. Malole ndi timagalimoto tochokera ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota timatsitsa madengu a usipa, utaka, mcheni ndi kampango wowamba pamsika waukulu wa ku Area 2, ndipo pofika nthawi yoti ana azipita kusukulu, fungo la kugombe limakhala litadzaza kale mbali yonse yogulitsirako ndiwo. Mzindawu uli pamtunda, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Nyanja ya Malawi ili kumunsi, pa mamita osafika 500, ulendo wa makilomita oposa 100 kulowera kum'mawa. Komabe palibe tsiku limene anthu a mu Lilongwe amagona osalawako za kunyanja.

Mlendo wa m'nkhani ino anayambira ulendo wake pamsika pomwepo, ngakhale sanadzere ndiwo. Ankatsata nyimbo. Mu 2012 Shemu Joyah anatulutsa filimu yotchedwa The Last Fishing Boat, imene anaijambulira m'mphepete mwa nyanja m'boma la Mangochi. Chaka chotsatira, pa 20 Epulo 2013, mumzinda wa Yenagoa ku Nigeria, filimuyi inapata mphoto pa mpikisano wa Africa Movie Academy Awards. Flora Suya anali m'gulu la akazi opikisana pa mphoto ya wosewera bwino koposa, koma imeneyo inapita kwa Florence Masebe wa ku South Africa. Imene inabwera kuno inali ya nyimbo za mufilimu. Oweruza anamvetsera mafilimu a ku Nigeria, a ku South Africa ndi a maiko ena okhala ndi ndalama ndi zipangizo zoposa zathu, nagamula kuti yoimbidwa bwino chaka chimenecho ndi ya ku Mangochi. Woimba wake anali Agorosso, amene dzina lake la makolo ndi Lloyd Phaundi.

Chimene mlendoyo ankafuna kudziwa n'chakuti nyimbo zotere zimakhala kuti m'likulu la dziko, momwe muli maofesi, ndalama ndi malamulo oyendetsera luso.

M'tauni, monga eni mzinda amatchulira Old Town, nyimbo sizisowa. Mumsewu wa Malangalanga, kuyambira padepoti mpaka kumsika, shopu iliyonse ya mafoni yaika sipika pakhomo, ndipo iliyonse ikulimbana ndi inzake. Apa amapiano a ku South Africa, apo kwaya ya mpingo, patsogolo pang'ono Black Missionaries. Oitanira minibasi akukuwa za Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Area 25, pamene njinga zamoto za kabaza zikuliza mahutala pakati pa khamu. M'timashopu ta matabwa ndi malata mwakhala anyamata, aliyense ndi kompyuta yake, ntchito yawo kubena nyimbo ndi mafilimu m'mamemole khadi ndi m'mafulashi. Munthu amapereka kandalama kochepa n'kutuluka ndi mafilimu oonera sabata yonse.

Timashopu timeneti, pamodzi ndi mavidiyo sho a m'makomboni ndi m'misika ya kumudzi, ndimo mmene Amalawi ambiri amakumanirana ndi kanema, ndipo wofuna kulankhula za filimu m'dziko muno ayenera kuyamba waima pano. Zoyenda malonda ndi mafilimu a nkhonya a ku China ndi ku America, a chikondi a ku India ndi a ku Nigeria, ndipo ambiri mwa akunjawa ndi omasuliridwa m'Chichewa. Omasulirawo ndi aluso ndithu. Ndi pakamwa pokha amatha kusandutsa wapolisi wa ku Hong Kong kukhala mnyamata wa ku Mchesi, anthu n'kumaseka mpaka misozi. Koma lusoli limadza ndi chotayika chake. Kuti mawu a womasulira amveke, mawu onse a filimu amatsitsidwa, ndipo yoyamba kuphedwa ndi nyimbo. Imati ikangoyamba yadulidwa, ibwerere pang'ono yadulidwanso. Mwana wokulira pa mafilimu otere waona zambiri, koma sanamvepo nyimbo ikunyamula nkhani yokha kwa mphindi zingapo popanda wolankhula. Zimenezi zinamuwawa mlendoyo, chifukwa m'filimu yopangidwa bwino nyimbo ndi imene imaulula zimene wosewera wasunga mumtima.

The Last Fishing Boat imafuna woonera wotchera khutu. Nkhani yake ndi ya Yusufu, msodzi amene kale zinkamuyendera, koma tsopano nsomba zachepa m'nyanja ndipo ntchito zokopa alendo zikulowerera m'mudzi ndi m'miyambo yake. Malemu Hope Chisanu, amene ambiri ankawadziwa ndi mawu awo pa wailesi ya MBC, ndiwo anasewera ngati Yusufu. Flora Suya anali Abiti Anefa, mkazi wachitatu wa Yusufu, amene mzungu wina wodzaona nyanja, dzina lake Richard, wamuponyera diso. Mustafa, mwana wa Yusufu, wataya nkhafi n'kuyamba kuperekeza alendo, ndipo zimene amawagulitsa sizithera pa kuwaonetsa malo. Joyah, amene ntchito yake yophunzira ndi yoyeza malo, sanaphimbe chilichonse pa zimene zimachitika kugombe ndalama ya alendo ikakumana ndi umphawi. Ndipo za kutha kwa nsombazo sizinali zongopeka. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika chambo pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi yaikulu yotheratu. Amayi ogulitsa nsomba ku Area 2 anadziwa zimenezi kalekale asayansi asanalembe: chambo chimene chinali ndiwo ya banja chinasanduka cha m'mahotela, ndipo mbale ya anthu wamba inatsalira usipa.

Kusankha Agorosso kunali kwanzeru, ngakhale poyamba kungadabwitse. Mangochi ndi kwa Ayao, pamene nyimbo za Agorosso n'zozikika m'miyambo ya ku Chigwa cha Shire, kwa Asena ndi Amang'anja, kumene kuli utse ndi valimba. Koma mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja pa Mangochi pomwepo, n'kutsika kudzera ku Liwonde mpaka ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo anthu a kumtunda ndi a kumunsi kwake onse amadziwa bwato, ukonde, mphepo ndi njala ya chaka chimene madzi akana. Agorosso amaimba ndi gitala ndi mawu osathamanga, osafuna kudzionetsera. Pa nkhani ya munthu amene akuona moyo wa makolo ake ukutha iye ali maso, kaimbidwe kotere n'koyenera kuposa ng'oma zaphokoso zimene opanga mafilimu akunja amakonda kumata pa chithunzi chilichonse cha ku Africa.

Kuchoka kumsika, mlendoyo anatsikira kumtsinje wa Lilongwe. Pali mlatho waukulu pafupi ndi mzikiti, pomwe magalimoto amapanikizana tsiku lonse, koma oyenda pansi ambiri amadutsa pa timilatho ta mitengo tolumikiza msika wa ku Area 2 ndi msika wa Tsoka, kumene kuli kaunjika. Timilathoti tili ndi eni ake, ndipo wowoloka amasiya kandalama. Tsidya linalo tauni imasintha nkhope: masitolo akuluakulu, mabanki, hotela ya Sunbird Lilongwe, ndipo cha kumtunda nyumba zakale za ku Area 3 ndi bwalo la gofu, kumene kunali boma la atsamunda Lilongwe akadali kamzinda kogulitsira fodya ndi mtedza.

Pafupi ndi positi ofesi pali msika wa ziboliboli, ndipo apa nyanja ija imaonekanso, koma itavala zovala zina. Pa nsalu zopenta zoyalidwa pansi pali msodzi ali m'bwato dzuwa likulowa. Pa inzake pali msodzi yemweyo ndi mlambe kumbuyo kwake. Pali nsomba zosema, nkhwazi zosema, timabwato tamatabwa tokwana m'chikwama. Ogula ndi alendo amene akupita kunyanja kapena akubwerako, ndipo amafuna chithunzi cha msodzi wamtendere, wopanda ngongole, wopanda mwana amene wathawa ukonde. Yusufu wa mufilimu ya Joyah ndi msodzi yemweyu atapatsidwa pakamwa. Osema ndi openta sitingawadzudzule, pakuti amapanga zimene zimagulidwa, ndipo nawonso ali ndi ana ofuna fizi. Koma munthu akaima pakati pa nsalu zimenezi amamvetsa chifukwa chake filimu ija inafunika kupangidwa ndi Mmalawi.

M'misewu yomweyi, pakhomo pa masitolo, ndimo mmene ankaimbira oimba awiri amene lero amadziwika kutali. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band ankayenda wapansi kuchokera ku Mtandire kudzaimbira odutsa, Yobu ndi babatoni wake wa chingwe chimodzi, Yosefe ndi gitala wa zingwe zinayi ndi ng'oma yogunda ndi chidendene. Mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo chichokereni kumeneko akhala akuyenda m'maiko a ku Ulaya. Zimbale zawo Wasalala ya mu 2019 ndi Musakayike ya mu 2022 zinatuluka kudzera ku kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva, ndipo moyo wawo unajambulidwa mufilimu yotchedwa The Banjo Boys. Linga lakale la m'tauni ya Zanzibar, momwe awiriwa anaimbira, ndi momwenso mumachitikira chikondwerero cha mafilimu cha Zanzibar International Film Festival, chimene mu 2009 chinapereka mphoto kwa filimu yoyamba ya Joyah, Seasons of a Life. Tauni imodzi ya m'mphepete mwa nyanja yamchere inamva oimba athu ndi kuona filimu yathu m'bwalo limodzi, pansi pa thambo, anthu atakhala pa masitepe a miyala.

Winanso ndi Lazarus Chigwandali, wochokera ku Dedza, amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi banjo yopanga ndi chigubu. Iye ndi munthu wa khungu lachialubino, ndipo ankaimba poyera pa nthawi imene anzake ambiri ankaopa kutuluka m'nyumba chifukwa cha nkhanza zakupha ndi kuba anthu achialubino zimene zinakula kuyambira mu 2014. Johan Hugo, amene ankaimba ndi Esau Mwamwaya m'gulu la The Very Best, anamujambula chimbale cha Stomp on the Devil. David Darg anapanga filimu yaifupi yotchedwa Lazarus, imene inaonetsedwa ku Tribeca mumzinda wa New York mu 2019, Madonna ali mmodzi mwa oithandiza. Mu 2018 Lazarus anali atachoka mumsewu n'kukaima pa nsanja ya chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars m'mphepete mwa nyanja ku Salima. Mafilimu onse awiriwa, The Banjo Boys ndi Lazarus, amayenda ndi nyimbo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo onse anabadwira pa fumbi la m'tauni.

Kuchokera m'tauni kupita ku City Centre munthu amatsata msewu wa Kenyatta, umene tsopano anaukuza. Pakati pa mbali ziwiri za mzindawu pali nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, momwe muli Lilongwe Wildlife Centre. Mpata umenewu sunangochitika. Boma la Kamuzu Banda litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, linakhazikitsa Capital City Development Corporation mu 1968, linalandira ngongole kuchokera ku South Africa, ndipo okonza mapulani anayala mzinda wotakasuka, wa mitengo yambiri, wogawidwa m'madera a manambala. Likulu linasamuka mu 1975. Manambalawo sanatsate kuyandikana kwa malo, n'chifukwa chake mlendo amasokonezeka akaona kuti Area 43 yagundana ndi Area 10. M'mbali mwa nkhalango yomweyi, ku Sanctuary Lodge, ndi kumene mu Seputembala 2013 okonza Lake of Stars anachitira chikondwerero chawo mumzinda m'malo mwa kunyanja, nachitcha City of Stars. Chinali chaka chomwecho cha mphoto ya ku Yenagoa.

Ku City Centre phokoso la m'tauni limatheratu. Misewu ndi yotakata, nyumba n'zotalikirana, ndipo woyenda pansi amatopa asanafike kumene akupita. Uko Reserve Bank, uko Kang'ombe House, kumtunda Capital Hill ndi maunduna ake, m'mbali mwa Presidential Way manda a Kamuzu ndi Nyumba ya Malamulo imene inatsegulidwa mu 2010. Pafupi pomwepo pali Bingu wa Mutharika International Convention Centre, imene aliyense amangoiti BICC.

Holo ya BICC, pamodzi ndi maholo a m'mahotela, ndimo mmene mafilimu ambiri a Amalawi amayambira kuonetsedwa mu Lilongwe. Usiku wotere umakoma: kapeti yofiira, masuti ndi madiresi, atolankhani, osewera akujambulitsa ndi owatsatira. Mu 2025 filimu ya Welcome to Maula Prison, yotchedwa ndi dzina la ndende ya mumzinda momwemu, inakokera anthu ambiri kumeneko. Koma holo yomangidwira misonkhano imasamala mawu a munthu mmodzi woima pa maikolofoni, pamene filimu imafuna kuti kunong'ona, mafunde ndi chingwe cha gitala zonse zimveke pa mlingo wake. Chovuta chachikulu n'chakuti usikuwo ukatha, filimu imasowa kokhala. Imapita ku Blantyre, ku Mzuzu, mwina ibwerezedwe kamodzi, kenaka imadikira YouTube kapena kugwera m'manja mwa obena. Nyimbo zake ndiye zimasowa msanga koposa, pakuti kuno sitinazolowere kuzitulutsa pazokha ngati chimbale choti wailesi iziimba.

Si kuti m'dziko muno mulibe opanga mafilimu. Joyce Mhango Chavula anapata mphoto ya filimu yabwino ya kum'mwera kwa Africa pa Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016 ndi filimu yotchedwa Lilongwe. Joyah anatenga mphoto yomweyo mu 2018 ndi The Road to Sunrise, imene inakhala filimu yoyamba kutumizidwa ndi Malawi ku mpikisano wa Oscar. Gift Sukez Sukali wa HD Plus Creations, kampani ya mumzinda muno, anapanga Fatsani: A Tale of Survival, nkhani ya mtsikana wogulitsa malonda mumsewu sukulu yake itatsekedwa, ndipo nayonso inatumizidwa ku Oscar. Ambiri mwa achinyamata amene akujambula mafilimu lero anaphunzirira ntchito pa mavidiyo a nyimbo, choncho oimba amawadziwa bwino ndipo amakumana nawo tsiku ndi tsiku. Ku Area 23 kuli sukulu ya Music Crossroads, imene yatulutsa anyamata ndi atsikana odziwa kuwerenga ndi kulemba nyimbo. Anthu alipo. Chimene chimapereweza ndi ndalama ndi nthawi: bajeti ikathera pa kamera, mayendedwe ndi chakudya cha osewera, nyimbo imaganiziridwa kumapeto, ndipo wina amangokopera pa intaneti kanyimbo ka piyano kopanda kwawo n'kukaika pomwe mayi akulira.

Malamulo okhudza zonsezi amapangidwa ku City Centre komweko. Lamulo loyamba lalikulu lokhudza kanema m'dziko la Malawi linali lounika ndi kuletsa, Censorship and Control of Entertainments Act la mu 1968, ndipo kwa zaka zambiri boma linkaona filimu ndi nyimbo ngati zinthu zoyenera kulonderedwa. Bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa zaluso, linayamba ntchito mu 1992 ndipo likulu lake lili mu Lilongwe. Kwa zaka zingapo linkayendetsa thumba lothandiza mabungwe a aluso ndi ndalama zochokera ku ofesi ya kazembe wa Norway. Lamulo latsopano la umwini la mu 2016 linatsegula njira yoti pa zipangizo zosungira nyimbo ndi mafilimu pazidulidwa kandalama kopita kwa eni luso, ndipo oimba ena ayamba kulandirako. Mu 2024 aphungu anavomereza bilu yokhazikitsa khonsolo ya zaluso ndi chikhalidwe, imene aluso anaidikira zaka zambirimbiri. Zonsezi n'zabwino, ndipo mlendoyo sanazipeputse. Koma anaganiza kuti khonsoloyo ikafuna poyambira, isavutike kufufuza: itenge mafilimu ochepa amene dziko lino lapanga kale ndi nyimbo zake, iwasunge bwino, ilipire eni ake, iwafikitse m'sukulu, m'malaibulale ndi pa wailesi ya kanema.

Dzuwa litapendeka, mlendoyo analowera kumadera a mabwana, Area 10, Area 12 ndi Area 43. Kuno nyumba sizioneka. Zimene zimaoneka ndi mipanda ya njerwa, waya wamagetsi pamwamba, mageti achitsulo, alonda atakhala pa timipando, ndi mitengo ya jakaranda imene mu Seputembala ndi Okutobala imayala maluwa ake mumsewu. Oyenda pansi ndi ogwira ntchito m'nyumba ndi m'minda ya maluwa, akuthamangira minibasi za ku Kauma, Senti ndi Mgona kusanade. Magetsi akazima majenereta amayamba kulira mpanda ndi mpanda.

Anthu a kuseri kwa mipandayi amaidziwa nyanja m'njira yawoyawo. Lachisanu masana magalimoto awo amalunjika ku Senga Bay, ku Nkopola kapena ku Cape Maclear, Lamlungu n'kubwerera ndi chambo mu kulaboksi. Ambiri ndi akazembe ndi ogwira ntchito m'mabungwe akunja, koma ambirinso ndi Amalawi. M'nkhani ya Yusufu iwo ali mbali inayo ya gombe, mbali ya okhala pa mipando ya m'mahotela, ndipo ndi amene akanayenera kuionera filimu ija koposa wina aliyense. Ndiwonso ali ndi intaneti yokwanira kuonera Netflix, kumene filimu yodziwika koposa yonena za Malawi imapezeka. The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba ndi makina ake amphepo, inajambulidwa ku Wimbe m'boma la Kasungu ndipo inatuluka mu 2019. Chiwetel Ejiofor anaitsogolera ndi kuseweramo, anaphunzira Chichewa, anaika Gule Wamkulu pamtima pa nkhani, ndipo woimba wa kuno Lily Banda anasewera ngati mlongo wake wa William. Koma nyimbo zoyendetsa filimuyo anapeka ndi Antonio Pinto wa ku Brazil. Cha kum'mawa, ku Area 44, kuli Kumbali, malo amene Madonna amafikira akabwera kuno. Filimu yake ya mu 2008 yonena za ana amasiye a ku Malawi, I Am Because We Are, nyimbo zake anapeka ndi Patrick Leonard wa ku America.

Pinto ndi Leonard ndi akatswiri, ndipo ntchito yawo palibe angainyoze. Chomvetsa chisoni ndi chizolowezi: nkhope, minda ndi misozi zimatengedwa kuno, koma mawu ouza woonera zoti amve mumtima amakapekedwa kwina. N'chifukwa chake mphoto ya ku Yenagoa ili yolemera kuposa kukula kwake. Inaonetsa kuti wotsogolera filimu wa kuno akamukhulupirira woimba wa kuno, zotsatira zake zimatha kupambana pa Africa yonse.

Maiko ena anaona kale zimene nyimbo ya mufilimu imachitira malo. The Harder They Come ya mu 1972, imene Perry Henzell anaijambula ku Jamaica ndi Jimmy Cliff, inatulutsa chimbale chimene chinathandiza kufikitsa rege kwa anthu a ku America ndi ku Ulaya, ndipo rege yomweyo inadzafika mpaka ku Chileka. Il Postino inajambulidwa pa zilumba za Procida ndi Salina ku Italy, ndipo nyimbo zake zopekedwa ndi Luis Bacalov zinapata Oscar mu 1996. Chilumba cha Skopelos ku Greece chimalandirabe alendo odzaona kumene anajambulira Mamma Mia! ya mu 2008, filimu yomangidwa pa nyimbo za ABBA. Koma chitsanzo chimene Mmalawi aliyense wamkulu amachidziwa ndi cha pafupi: Neria ya ku Zimbabwe, ya kumayambiriro a zaka za m'ma 1990. Ambiri anaiwala mmene nkhani yake inathera, ena sanaionerepo n'komwe, koma nyimbo ya Oliver Mtukudzi ya mufilimuyo imaimbidwabe pa wailesi ndi m'mabasi, ndipo imakumbutsa aliyense za mayi wamasiye wolandidwa chuma ndi achibale a mwamuna wake. Filimu inapatsa nyimbo nkhani, nyimbo n'kuinyamula filimuyo zaka zoposa 30. Zinatheka chifukwa nyimboyo inatulutsidwa, inagulitsidwa, inaimbidwa pa wailesi, ndipo mwini wake ankaiimba paliponse pomwe wapita.

M'mawa mwake mlendoyo anatuluka mumzinda cha kumpoto, nakhotera kum'mawa pafupi ndi Kanengo kutsata msewu wa M14. Msewuwu umatsika zitunda za Dowa mokhotakhota, mpweya n'kumatentherako, milambe n'kuyamba kuoneka, mpaka ku Salima. Kuchokera apo msewu wa M5 umalowera kum'mwera kudzera ku Chipoka ndi ku Mua, kumene kuli KuNgoni, malo a zachikhalidwe amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndipo cha pa Golomoti munthu amapatukira kumanzere kulunjika ku Monkey Bay ndi Mangochi.

Mangochi, imene atsamunda ankaitcha Fort Johnston, ndi tauni yodzaza nkhani zoyenera kanema. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku gombe la kum'mawa kwa nyanja, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Nyimbo zoperekeza nkhani zoterezi zili m'midzi yozungulira. Kuli beni, gule amene amatsanzira perete wa asilikali, ndi ng'oma zake, mapito ndi mayunifomu. Kuli sikiri wa Asilamu, woimbidwa ndi mawu ndi mpweya wa m'chifuwa. Kuli nyimbo zimene asodzi amaimba pokoka makoka kuti manja onse akokere pamodzi, ndi phokoso la usiku la ogwira usipa ndi chilimira, nyali zitayaka pamadzi, akugogoda mabwato.

Wofuna kujambula mawu amenewa ayenera kudziwa nyengo zake. Manganje amamveka kwambiri mu Ogasiti ndi Seputembala, pamene anyamata a ku jando ndi atsikana a ku nsondo akutuluka ku simba. Mwera umawomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndipo umasokoneza maikolofoni iliyonse yosatchingidwa bwino. Mu Novembala ndi Disembala boma limatseka usodzi wa makoka kuti chambo chiswane, ndipo pa miyezi imeneyo asodzi ambiri amapezeka kumtunda, akusoka maukonde ndi kumata mabwato, ali ndi nthawi yokhala pansi ndi woimba kapena wopanga filimu wochokera ku Lilongwe.